Korali wayamba kuyera m'thanki: chochita musanathiremo mankhwala aliwonse

Disembala akafika foni yanga siipuma. Mabwana apita ku holide ku Durban kapena ku Cape Town, nyumba asiyira m'bale wathu wa m'gadeni kapena mayi wogwira ntchito za m'nyumba, ndipo pamwamba pa agalu ndi swimming pool amusiyiranso thanki ya madzi a mchere yodzaza makorali odula, malangizo onse ali pa kapepala kamodzi komata pa filiji. Pakangotha masiku anayi uthenga uja wafika pa WhatsApp, "achimwene kamtengo kaja kayamba kuyera kumunsi, ndithiremo chani?" Kuona kwanga, funso la ndithiremo chani limeneli lapha makorali ambiri kuposa matenda enieniwo. Nde ndati bola ndilembe pamodzi mmene ine ndimachitira ndikafika pa thanki yodwala, poti ndi ntchito imene ndakhala ndikugwira kuno ku Joni kwa zaka ndithu, komanso ndili ndi thanki yanga ya malita 200 komwe ndimakhala ku Randburg.

Timvetsetsane kaye chinthu chimodzi. Ife timadziwa mbuna, tinsomba ta m'miyala ya ku Cape Maclear ndi Nkhata Bay timene anthu amaweta m'mathanki dziko lonse lapansi. Mbuna ndi zolimba, madzi akasintha pang'ono zimapirira. Korali ndi nkhani ina. Si mwala ndipo si duwa, ndi nyama yamoyo yokhala ndi pakamwa, amadya, amaluma anzake. Ambiri mwa iwo mnofu wawo ndi wopyapyala wokuta chigoba cha laimu, ndipo mkati mwa mnofuwo mumakhala tindere tosaoneka ndi maso totchedwa zooxanthellae. Tindereti timalandira kuwala nkupanga chakudya ngati mmene masamba a chimanga amachitira padzuwa, korali nkumadyera pomwepo. Akavutika kwambiri amatitaya kunja, ndi kuyera kumene mukuonako. Nde kawirikawiri si kachilombo ayi, akukuuzani kuti madzi, kutentha kapena nyali za pamwamba pa thanki sizili bwino.

Gawo loyamba: khalani pansi muyang'ane, manja asalowe m'madzi

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kokani mpando, khalani mphindi 10 kapena 15 patsogolo pa galasi. Jambulani chithunzi pa foni, ndipo mawa nthawi yomweyo mudzajambulenso muli malo omwewo, chifukwa maso amanama koma zithunzi ziwiri zikaikidwa pamodzi mumaona ngati kuyerako kukukwera kapena kwaima. Ngati nyali zili ndi blue wambiri zisintheni kaye zikhale zoyera, blue amabisa zilonda.

Dzifunseni mafunso awiri. Akudwala ndi mmodzi kapena onse? Onse akafota pamodzi ndiye kuti vuto lili m'madzi, mwina hita yafa, mwina mwalowa poizoni, mwina magetsi anazima nthawi yaitali. Akakhala mmodzi yekha anzake ali bwinobwino, muganizire za neba wake, tizilombo, nsomba yomujompha kapena malo amene mwamuika. Funso lachiwiri, chasintha ndi chani masabata awiri apitawa? Mchere watsopano, nyali zatsopano, korali watsopano, munthu anapenta chipinda, wina anapopera mankhwala a udzudzu kapena a mphemvu pafupi. Pafupifupi nthawi zonse yankho limabisala pamenepo.

Kenako zindikirani mtundu wa kudwalako, chifukwa pali zinthu zofanana pamaso koma zosiyana kutalitali.

Korali wongotseka, tinyanga take osatuluka. Izi zokha si matenda. Makamaka leather coral uja wooneka ngati bowa wamkulu, amatha kutseka masiku angapo ngakhale sabata, khungu nkumanyezimira ngati lapakidwa phula, kenako amafundula kachikopa kopyapyala nkutsegukanso wokongola kuposa kale. Musiyeni, mungoonetsetsa kuti madzi akumuwomba mokwanira kuti kachikopako kachoke.

Korali woyera koma mnofu ulipo. Yang'anitsitsani pafupi, mukaona timilomo take tikadalipo, toonekera ngati pulasitiki, uyo ndi wamoyo, wangotaya tindere tija. Imeneyi ndi bleaching, ndipo amachira.

Korali woyera chifukwa mnofu wasendeka, chatsala ndi chigoba chokhakhala. Apa zavuta. Kukamayamba kumunsi nkumakwera pang'onopang'ono kwa masiku kapena masabata amati STN. Kukamathamanga, mnofu nkumauluka m'madzi ngati tizidutswa ta pepala, Acropora, korali wa nthambi ngati kamtengo, yense kutha usiku umodzi kapena masiku awiri, imeneyo ndi RTN ndipo siidikira kuti kuche.

Korali wokhala ndi phala la bulauni lonanda pamutu, makamaka hammer, torch ndi frogspawn. Ndi brown jelly, imadya mutu wonse tsiku limodzi kapena awiri ndipo imalumphira kwa ena. Mukamutulutsa m'madzi fungo lake ndi la chinthu chowola, simungalakwitse.

Amene wangosanduka bulauni yense koma akutseguka bwino, ameneyo si wa changu, kawirikawiri ndi zakudya zachuluka m'madzi kapena kuwala kwachepa.

Gawo lachiwiri: yezani madzi, ndipo lembani manambala

Yambani ndi kutentha poti nkosavuta. Pakufunika madigiri 25 mpaka 26. Akapitirira 28 makorali ayamba kuvutika. Musakhulupirire nambala yolembedwa pa hita, ikani thermometer ina yapadera, ndipo muyeze kawiri, mmamawa ndi masana cha m'ma 3 koloko, chifukwa Johannesburg usiku ndi masana zimasiyana kwambiri. June ndi July usiku kunja kumafika pafupi ndi 0, thanki ya pafupi ndi windo imazizira hita ikulephera, pomwe Okutobala mpaka Januwale dzuwa lolowera pa windo lomwelo limaitenthetsa.

Mchere ukhale 1.025 kapena 1.026 pa refractometer, kachipangizo koyezera mchere m'madzi, kumene kuli 35 ppt. Apa ndi pamene abale athu ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Mpweya wa kuno ndi wouma, madzi amauluka msanga, munthu akaona thanki yatsika amasungunula mchere nkuthiramo. Ayi. Chimene chauluka ndi madzi okha, mchere watsala momwemo, nde powonjezera mumathira madzi opanda mchere a RO basi, ndiwo madzi osefedwa ndi makina a reverse osmosis. Madzi a mchere ndi a pamene mwachotsa ena akale nkubwezera atsopano. Ndipo a pampopi musathiremo. Madzi athu ochokera ku Vaal Dam kudzera ku Rand Water amathiridwa klorini kuti ife tizimwa bwino, koma klorini ndi timichere tina totsalira korali sagwirizana nazo. A borehole nawonso ayi. Madzi a RO abwino, amene asefedwanso kachiwiri nkumatchedwa RO/DI, amawerenga 0 pa TDS meter, kachipangizo koyeza zosungunuka zotsalira m'madzi, ngati mulibe makina ake mashopu a nsomba amagulitsa m'zigubu za malita 25.

Tsopano alkalinity, muyezo wa carbonate amene korali amamangira chigoba chake, imene pa test kit amalemba KH. Kwa makorali a chigoba iyi ndiye mtima wa nkhani. Pakati pa 7 ndi 9 dKH pali bwino, koma chofunika kuposa nambalayo nkuti isamadumphedumphe. Thanki imene imakhala pa 7.5 mwezi wonse imachita bwino kuposa imene lero ili pa 7 mawa 10. Mukapeza yatsika kwambiri tsegulani kabati ya pansi muone dosing pump, kampope kodonthezera mankhwala a KH m'thanki, nthawi zambiri mupeza botolo lauma kapena kapaipi katsekeka ndi zoyera zouma. Calcium akhale 400 mpaka 450 ppm, magnesium 1250 mpaka 1350. Ammonia 0, osanyengerera. Nitrate pakati pa 2 ndi 10 ppm, phosphate 0.03 mpaka 0.1, ziwirizi ndizo zakudya za m'madzi zija. Onani kuti sindinati 0. Anthu ena amasefa madzi mpaka kuyera mbee osatsala kanthu, makorali nkuyamba kutumbuluka ndi njala, ndipo KH akakhala wokwera pomwe zakudya mulibe nsonga za Acropora zimapsa nkuyera.

Onaninso deti pa mabotolo a test kit. Kit yakale imanama, munthu nkuyamba kukonza vuto loti kulibe. Nambala ikakudabwitsani yezaninso kachiwiri, kapena tengani madzi m'kabotolo koyera mupite nawo ku shopu akakuyezereni.

Gawo lachitatu: konzani chimodzi, pang'onopang'ono

Mwapeza chimene chalakwika, mtima ukuti bwezerani pompano. Musatero. Korali wazolowera kale madzi olakwikawo pang'ono, mukawasintha mwadzidzidzi ndiye mwamumenya kachiwiri. KH musakweze kupitirira 1 dKH pa tsiku, ine ndimakweza theka lake. Mchere ukakwera chotsani kapu zingapo za madzi a m'thanki nkubwezera a RO, mubwereze kwa masiku awiri atatu mpaka nambala ibwerere. Kutentha kukakwera tsegulani chivundikiro muike fani iwombe pamwamba pa madzi, zikavutitsitsa yandamitsani botolo lotsekedwa la madzi oundana. Ndipo musasinthe zinthu zitatu tsiku limodzi, chifukwa akachira simudziwa chamuchiritsa, akafa simudziwanso chamupha.

Mukakayikira poizoni ndi pamene mungachite changu. Sinthani madzi 20 peresenti, atsopanowo akhale ofanana kutentha ndi mchere ndi a m'thanki, ikani activated carbon watsopano, makala aja osefera madzi, mawa musinthenso ena. Inu amene mumasamalanso swimming pool ndimvereni bwino apa, mankhwala ambiri opha ndere mu pool ali ndi copper, ndipo copper ngakhale kadontho amapha makorali, nkhono ndi shrimp. Ndowa ya pool isayandikire thanki, ndowa yochapira kapena yokolopera ayinso, thanki ikhale ndi ndowa yakeyake yolembedwa. Mankhwala a nsomba a matenda a white spot okhala ndi copper asalowe m'thanki ya makorali. Musanalowetse manja tsukani ndi madzi okha mpaka m'zigongono, opanda sopo, opanda mafuta odzola. Yang'ananinso maginito a mapampu ndi otsukira galasi, akatupa kapena kung'aluka ndiye kuti dzimbiri likulowa m'madzi.

Wa bleaching uja mankhwala ake ndi mthunzi ndi chakudya. Mutsitseni pansi pa thanki kapena chepetsani nyali ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, muzimudyetsa pang'ono chakudya cha makorali kawiri kapena katatu pa sabata madzulo mutazimitsa mapampu kwa mphindi zochepa, poti tindere tomudyetsa mulibe. Mtundu umabwerera pakatha masabata, nthawi zina miyezi. Musamusunthesunthe.

Gawo lachinayi: bwerani usiku ndi tochi

Madzi ali bwino koma mmodzi akudwalabe? Dikirani nyali zizime, pakatha ola limodzi kapena awiri bwerani ndi tochi. Muona dziko lina. Torch coral ndi Galaxea amatulutsa tinyanga titalitali toluma, totha kufika masentimita 10 kapena kuposa, ndipo mbali imene yayera pa korali wanu mupeza ndi yomwe yayang'anizana ndi neba ameneyo. Asiyanitseni, nkhani yatha. Onaninso ngati pampu ikuwomba molunjika pamnofu, kapena ngati ali pakona pamene madzi safika zinyalala nkumakhazikika pa iye. Masana khalani patali pang'ono muone nsomba, angelfish ndi butterflyfish zimajompha zikaona kuti palibe munthu, ndipo clownfish ikakonda torch coral imatha kumusisita mpaka osatsegukanso.

Tizilombo nato. Pa Acropora fufuzani timabala toyera tozungulira ngati polumidwa, kumunsi kwa nthambi kuli timazira tabulauni tounjikana, amenewo ndi ma flatworm odya Acropora, eniakewo saoneka chifukwa amafanana ndi mnofu. Pa Montipora, korali amene nthawi zambiri amakula ngati mbale, fufuzani kunsi kwa mbalezo, tizilombo toyera ta manyenje tochepa ngati njere ya mpunga, ndi ma nudibranch. Zoanthid, korali wofewa wooneka ngati timaluwa tating'ono, akatseka masiku ambiri nayenso ali ndi nudibranch wake amene amatenga mtundu wa zoa yemweyo. Aiptasia, ka anemone kabulauni koonekera, kamaluma makorali oyandikana nako, ndipo musakapale ndi mpeni chifukwa tizidutswa take timamera tonse, pali mankhwala ochita kukathira pakamwa ndi sirinji monga Aiptasia-X.

Gawo lachisanu: kumusambitsa mu dip

Kupatula a Aiptasia aja, apa ndi pokhapo pamene mankhwala ophera tizilombo ndi ochiza akulowa, ndipo salowa m'thanki, korali ndi amene amatuluka. Konzani mabakuli awiri oyera, onse muthiremo madzi ochokera m'thanki momwemo. Loyamba muthiremo dip, Coral Rx kapena ReVive ngati mukulimbana ndi tizilombo, ya iodine monga Lugol's kapena Seachem Reef Dip ngati ndi zilonda ndi kuwola. Muyezo tsatirani wa pa botolo ndendende, musawonjezere poganiza kuti achira msanga, korali wodwala ndi wofooka kale. Nthawi yake ambiri ndi mphindi 5 mpaka 10, ikani alamu pa foni. Ali mmenemo muzimupopera madziwo ndi sirinji yopanda singano kuti tizilombo tigwe, bakuli likakhala loyera mumationa pansi bwinobwino. Mukatero mutsukuluzeni m'bakuli lachiwiri, ndiyeno abwerere. Madzi a mabakuli onse awiri atayeni.

Dip sipha mazira. Ichi anthu amaiwala, pakatha milungu iwiri tizilombo tabwerera nkumati mankhwala ndi abodza. Mazira muchite kupala ndi mswachi wakale kapena kampeni, ngati ali pa plug, kachitsinde kaja kamene amamatapo korali, dulani korali mumumate pa plug yatsopano yakaleyo mutaye, ndipo mubwereze dip masiku 5 mpaka 7 aliwonse kwa mwezi wathunthu kapena kupitirira.

Ndisanapitirire, za moyo wanu. Zoanthid ndi Palythoa ena ali ndi poizoni woopsa kwambiri wotchedwa palytoxin. Valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso nthawi zonse mukamawagwira, musagwire muli ndi bala, musakhudze kumaso. Mwala wa m'thanki musauwiritse kapena kuuthira madzi otentha, nthunzi yake imatha kugwetsa nyumba yonse, ana ndi agalu omwe. Mukamva kubanika, kutentha thupi kapena kukoma kwa chitsulo mkamwa mutagwira zimenezi, pitani kuchipatala pompo mukawauze dzina la poizoniyo.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: pamene kudula ndiko kupulumutsa

Brown jelly ndi RTN sizifuna chisoni. Kwa brown jelly zimitsani mapampu onse kaye kuti phala lija lisamwazike, liyamweni ndi kapaipi kupita mu ndowa, kenako ikani kabakuli m'madzi momwemo mulowetsemo korali ndi kumutulutsa ali mmenemo. Mutu umene wagwidwa dulani pa tsinde lake ndi bone cutter mutaye, musaumvere chisoni, mitu yotsala isambitseni mu dip ya iodine ndipo ngati muli ndi kathanki kena ikhale kumeneko masiku angapo. Muziona ma hammer ndi ma torch ena onse mmawa ndi madzulo sabata imeneyo.

Kwa Acropora amene mnofu ukusendeka, dulani nthambi zimene zikadali bwino, mudule sentimita imodzi kapena kuposa pamwamba pa mzere woyerawo, mkati mwa mnofu wamoyo. Mukadula pamzere penipeni matendawo amapita nawo. Dulani tizidutswa tingapo, atatu kapena anayi, chifukwa si tonse tipulumuke. Timateni pa ma plug ndi super glue wa gel, amagwira ngakhale ponyowa ndipo sawononga madzi, mutiike motalikirana pamalo a madzi oyenda bwino ndi kuwala kwapakatikati. Chotsalacho chichoke m'thanki. Ngati ndi STN yoyenda pang'onopang'ono ndipo mwakonza kale KH, mutha kumata guluu pa mzere wa malire nkuona ndi zithunzi zija ngati yaima, ikapitirira dulani.

Inu amene thanki si yanu, musanadule tumizani chithunzi kwa eni ake muwauze zimene mwaona ndi manambala amene mwayeza. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Bwana amene wauzidwa tsiku loyamba amatha kuitana munthu wodziwa, koma akapeza chigoba atabwera ku holide mawu anu samvekanso, ngakhale vuto linali botolo limene iye mwini anasiya litatsala pang'ono kutha.

Za magetsi

Sindingasiye izi chifukwa tonse tikukumbukira 2023 mmene load shedding inalili, ndipo ngakhale pano ma cable akabedwa kapena transformer ikapsa dera limakhala mumdima tsiku lonse. Nyali zikazima makorali amapirira masiku awiri atatu popanda vuto lalikulu. Chimene chimapha ndi madzi kuima. Oxygen amatha, ndipo Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, madzi amasunga oxygen wochepa kusiyana ndi thanki yomweyo itakhala ku Durban. Nde ngati inverter ndi yaing'ono lumikizani pampu yoyendetsa madzi poyamba, hita imadya batire msanga. Kampope ka mpweya ka mabatire nkotchipa, kakhale mu kabati nthawi zonse ndi mabatire ake. Palibe chilichonse? Tungani madzi ndi jagi nkumawathira kuchokera mmwamba mphindi 15 kapena 20 zilizonse. Nthawi yozizira kutani thanki ndi bulangete, muyandamitsemo botolo lotsekedwa la madzi ofunda otenthetsa pa gasi. Musadyetse nsomba mpaka magetsi abwere. Ndipo dziwani kuti korali amatha kuonetsa kudwala patatha masiku atatu kapena sabata magetsi atabwera kale, nde pofufuza chimene chasintha muziwerengeranso zimenezi.

Mudziwa bwanji kuti akuchira? Mzere woyera waima malo amodzi pa zithunzi za masiku atatu otsatizana, timilomo tayamba kutuluka usiku, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu muona mnofu watsopano ukuyala pamwamba pa guluu kutsikira pa plug. Chigoba choyera chikayamba kumera ndere zobiriwira kapena zabulauni ndiye kuti pamenepo pafa. Koma hammer, torch kapena Fungia amene mukuona ngati watha musathamangire kutaya ngati sakununkha, muikeni pakona pa mchenga mwezi umodzi kapena iwiri, nthawi zina kamnofu kotsalira m'mphako za chigoba kamaphukanso timitu tating'ono. Korali wina aliyense watsopano amene mudzagule, kaya ku shopu kaya kwa mnzanu, adutse kaye mu dip ndipo muyang'ane kunsi kwa plug yake ndi tochi asanalowe m'thanki.